Kapu ya Dainess

Lolemba, 6 Febuluwale 2017
Sukulu yachisanu mwa zimene komiti ya parishi yandituma kukaona ngati zikulandira mwana aliyense. Kuseri kwa Nsaru, pafupi ndi esiteti ya fodya. Makalasi 8, olowa njinga ya olumala awiri okha. Sitandade 4: ana 112 m'kati, mmodzi panja. Mtsikana, wakhala pa njerwa, akukopera za pabolodi kudzera pawindo. Dainess, mwana wa a Gideoni, matenanti ochokera ku Mulanje. Amadwala khunyu. Ahedi akuti, "Amayi, makolo akuti malovu ake amapatsira." Kapu yake ya phala amaikoleka payokha pamtengo.

Lachinayi, 9 Febuluwale
Ndabwererako. Ndawauza ahedi kuti khunyu sapatsirana. Zaka 34 ndinagwira choko, ana akhunyu asanu ndi awiri, palibe anapatsira mnzake. Dainess walowa. Anzake amusiyira malo a anthu anayi mbali zonse.

Lachiwiri, 14 Febuluwale
Wagwa m'kalasi. Ana 112, chitseko chimodzi. Apondana pothawa. Mwana wa a Samson a golosale wathyoka mkono, wina waguluka mano awiri. Dainess mutu pasimenti, lilime lolumidwa, magazi. Womugwira palibe. Ine ndinali ku Nambuma, kuwerenga zimbudzi.

Lachitatu, 15 Febuluwale
Dzulo lomwelo a Samson ndi anzawo anapita ku esiteti ndi zibonga. A Gideoni anawakokera kunja kwa chigafa cha fodya, kuwamenya mpaka kukomoka. Ndawaona kuchipatala ku Namitete. Nthiti zitatu. Diso limodzi lotsekeka. Posoka khumi ndi pamodzi pamutu. Akuti, "Agogo, pawindo paja mwana wanga ankaphunzira bwinobwino."


Lachisanu, 17 Febuluwale
Miyala inayi padenga panga masanasana. Ahedi atumiza uthenga: mwanayo asabwerenso, ngakhale pawindo. Ndinamupeza ali ndi windo. Tsopano alibe kanthu. Wolakwa ndine.
A Lucia, mayi ake a Dainess, akuti mwanayo yunifolomu waichapa yekha, waiyanika.

Lolemba, 20 Febuluwale
Ndakamutenga ndekha, dzanja m'dzanja. Pabwalo la sukulu makolo 30 kapena kuposa, a Samson patsogolo. "Nkhalamba iwe, ukufuna utiphere ana eti?" Nthawi ya phala. Ndatsitsa kapu pamtengo paja. Dainess wamwa. Ndalandira, ndamwa pomwe wamwera iye, ndanyambita m'mphepete onse akuona. Mwala woyamba paphewa. Wachiwiri pamwamba pa diso, magalasi phwa. Sindinatule kapu.
Kenaka mayi wina: "Tiona ngati sagwa."
Aone. Ndakhala pansi m'kalasi pambali pa Dainess mpaka kuweruka, magazi akudontha pa chilundu. Mawa ndipitanso, ndi mkuja, mpaka atatopa kudikira kuti ndigwe.
Malo opanda munthu kumanzere kwake: m'mawa anayi. Poweruka atatu.