Siketi Yanga Aipana ndi Mapini

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha, koma mutu wanga watentha kuposa dzuwa.

Masana ano anthu a kumyuziyamu ya ku Lusaka anditumizira chithunzi pa foni. Siketi yanga ija ili pa chionetsero cha zovala zamakono, koma aiveka chidole choonda ngati nsungwi, n'kuipana ndi mapini kumbuyo kuti ithine. Mapindo onse a pakati pa miyendo awabisa.

Chonsecho nzeru yonse ya siketiyo ili m'mapindomo! Ndinaisoka kuti mzimayi azikwera njinga osaonetsa ntchafu, nsalu osakodwa mu tcheni. Yoyamba ndinasokera anyaZimba, amene amapalasa kuchokera ku Mwase ndi thumba la mtedza pa kaliyala.

Ndawaimbira foni a kumyuziyamuwo. Mtsikana amene wayankha akuti, "Amayi, ikathina m'pamene ikuoneka yamakono." Ndamufunsa ngati anakwerapo njinga atavala siketi. Wangoseka.

AnyaZimba anali pakhonde la shopu, kudikira kuti ndiwaikire zipi. Nditawaonetsa chithunzicho agwira pakamwa. "Mama, uyu angafike ku Mwase? Agwa asanatuluke na mu boma!"

Amuna anga akuti ndizisiye, bola dzina langa lili pakhoma ku Lusaka. Dzina langa pa chinthu chimene sindinasoke? Ayi.

Loweruka ndikwera basi. Kondakitala wavomera kale kunyamula njinga yanga. A kumyuziyamuwo akachotse mapiniwo, apo ayi ndikavula chidolecho, ndikavala siketiyo ndekha n'kupalasa m'holo mwawomo alendo akuona.

Mawa ndiyambe ndamata tayala lakumbuyo.