Sanandiuze Kuti Ndituluke

3 Novembala 1998

Ndakumbukira m'mawa wina ndili kamtsikana. Bambo atakhala pa sutikesi, chipewa m'manja, Amayi pampando, ine pansi. Tonse chete, monga timachitira munthu asanayambe ulendo. Kenako ananyamuka. Ankati akukakonza mawailesi a asilikali. Tinadziwa mochedwa kuti ankakatsekeredwa m'kachipinda kachitsulo kosalowa phokoso, kuti madokotala aone ngati munthu angapirire kukhala yekha m'chombo chopita m'mlengalenga, kutali ndi dziko. Ouluka anali ena. Iwowo analandira dzina latsopano lija la oyenda m'mlengalenga, kosimonaviti. Bambo analandira tchuthi ndi malalanje.

5 Novembala

Mwendo wa Bambo watupanso, chala chada. Dokotala akuti agonekedwe mwezi uno usanathe, apo ayi adzaudula. Bambo akukana kutuluka m'chipinda. Mutu wawo wabwerera ku 1960. Makatani otseka, wotchi anachotsa. Supu ndimawapatsira pachitseko. "Raya, mwana wanga, sanandiuze kuti ndituluke. Ukatuluka wekha, walephera."

8 Novembala

Chipale chofewa kuyambira dzulo. Nkhani yoti ndilembere nyuzipepala sindinaiyambe n'komwe. Inenso ndinatuluka liti? Kukagula buledi ndi kabichi basi, chothamanga. Pamasitepe, a Nyura a khomo linalo: "Nanga kosimonaviti wathu, sanaterebe?" Ndinaseka nawo. Kulira ndalirira m'bafa.

10 Novembala

Ndinabwereka chovala choyera cha madokotala, n'kugogoda, n'kunena kuti mayeso atha. Anandiyang'ana mondimvera chisoni. Akuti lamulo lawo linali limodzi: amene watseka ndiye amatsegula. Ankawatsekera namwino wina, Klavdiya Osipovna. Dzina limene Amayi sanalimvepo mpaka kumanda.

15 Novembala

Mafoni okhaokha, kufunsa za namwino uja kwa amene ankagwira nawo ntchito. Ambiri anamwalira. Ena amadula ndikangotchula ntchitoyo. Lumbiro losunga chinsinsi likadawamanga, chonsecho dziko limene ankalumbirira kulibenso. M'chipinda mwayamba kununkha. Bambo amaimba chapansipansi kuti ndisamve kubuula. Ndimakhala kunja kwa chitseko, msana kukhoma. Sindikudziwa wotsekeredwa ndani.

20 Novembala

A Klavdiya apezeka, ku Podolsk, kwa mdzukulu wawo. Mawu okalamba koma akuthwa. Pofotokoza ndinkaopa kuti nawonso adula. Koma anabwereza dzina la Bambo: "Arkadi Fomich? Aja ankandigonthetsa ndi nyimbo zawo? Ouma mutu kuyambira kale. Auzeni amete ndevu, mwana wanga, ndikubwera mawa pa sitima yam'mawa."

Ndawauza Bambo. Patapita kanthawi ndamva akukoka chinthu pansi pa bedi. Sutikesi ija. Nditasuzumira, ndaona aiika pafupi ndi chitseko, akhalapo, chipewa m'manja. Andisiyira malo cham'mbali.