Akuti ndichotse mayina a anzawo a bambo

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Kasinje. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikulemba mbiri ya bambo anga, a Fabiano, omwe anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni nthawi ya Theba, bungwe lija lolemba anthu ntchito za kumigodi. Loweruka lililonse iwo amafotokoza, ine n'kumalemba m'makope. Pano maso awo sakuonanso, ndipo chifuwa chomwe anabwera nacho kumgodi chawakola kwambiri.

Kampani ina yosindikiza mabuku ku Blantyre yavomera bukuli. Ndinavina ndekha m'kalasi, Aphungu! Koma mkonzi wake, mayi Cathy, akuti ndichotse mutu womaliza. M'mutumo muli mayina 34 a anzawo a bambo amene anafera komweko, aliyense ndi mudzi wake ndi chiwongo chake. Mayiwo anati, "Mabuku amene akuyenda masiku ano ndi a kusukulu. Mwana wa Fomu 2 angawerenge masamba asanu a mayina okhaokha? Komanso pepala lakwera mtengo."

Nditawauza, bambo anati, "Mwanawe, anzanga aja anaikidwa kuchilendo, popanda wowavinira ngoma, popanda wotchula chiwongo chawo. Mnzanga Gracian ndinamusolola ndekha m'miyala. Ukawachotsa m'bukumo ndiye kuti wawakwirira kachiwiri." Koma bambo omwewa m'mawa uliwonse amandifunsa kuti, "Lafika?" Akufuna kungoligwira basi.

Ndikulakalaka nditawaona atalinyamula m'manja asanatisiye, moti ndikaganiza misozi imalengeza. Ndikakana, ndaninso angasindikize buku la Chichewa la mphunzitsi wakumudzi? Ndikavomera, ndiwapatsa buku lopanda anzawo. Poti sakuona, nthawi zina ndimaganiza zongovomera n'kuwanamiza kuti mayina alimo. Ndithandizeni.

T.F., Kasinje, Ntcheu

A T.F.,

Zowanamizazo zitayeni lero lomwe. Tsiku loyamba lomwelo bambo adzakuuzani kuti muwawerengere pamene pali Gracian, ndiye mudzayang'ana kuti? Munthu wosaona amamva mawu akamanjenjemera.

Mayi Cathy musawade. Mabuku a Chichewa akugona m'mashelefu n'kumachita fumbi, ndipo iwo akuopa zomwezo. Koma nkhani ngati iyi siitha pa foni. Kwerani minibasi mukaonane nawo maso ndi maso. Kapempheni kuti mayinawo aikidwe kumapeto kwa buku, m'zilembo zing'onozing'ono; masamba awiri akwana. Muwauzenso kuti dzina lililonse lasiya ana ndi zidzukulu ku Kasinje, ku Bwanje mpaka pa boma, ndipo amenewo ndiwo adzayambe kulifuna bukuli. Musanapite, yendani m'mabanjamo mupemphe chilolezo. Mwambo wake ndi umenewo, ndipo ena adzakutulutsirani zithunzi zomwe simunaziganizire.

Komabe, mwana wanga, osindikiza sathamanga. Ngakhale atavomera mawa, buku limatha chaka lili m'njira. Zengerezu analinda kwawukwawu. Sabata ino pitani pa boma, akutayipireni zonse pamodzi ndi mayinawo, akumangireni buku limodzi la chikuto cholimba. Mukaliike m'manja mwa bambo, muwauze zoona kuti ili ndi lawolawo, la kukampani likubwera pambuyo. Kenaka itanani abale a anzawo aja, muwerenge mayina onse mokweza, limodzilimodzi ndi chiwongo chake, eni mbiri ali pomwepo. Ngati alipo akuluakulu odziwa ngoma, asatsale.

Chenjezo langa ndi ili: makope anu olemba pamanja asachoke m'nyumba, ndipo musasayine pangano lililonse musanaliwerenge lonse ndi munthu wodziwa, kuopa kudzapezeka kuti mbiri ya bambo anu ili ndi mwini wina. Akakana mayinawo, musagwe mphwayi, khomo silimakhala limodzi. Kampani ikhoza kudikira mpaka chaka chamawa. Bambo anu, ndi chifuwa chimenecho, sindikudziwa.

Phungu wanu