Basi ya Sikisi Imadikira Anthu Ake

Lolemba, 3 Febuluwale

Alamu anga, akazi a achimwene. Ndawalemba pamwamba penipeni kuti ndisadzaiwale. Lero andisiya pageti. Ndinangobwerera m'nyumba kukatenga ambulera, potuluka ndapeza galimoto yayamba kale kuyenda. Atsitsa galasi n'kunena, aneba akumva, "Galimoto yanga si basi yoti izidikira aliyense." Chaka chathunthu ndikuwapukutira magalasi m'mawa uliwonse ngati anandilemba ntchito, malipiro ake ndi amenewa.

Chabwino. Ndakwera basi yeniyeniyo. Kushopu ndafika 8 koloko itadutsa, makasitomala atatu ataima pakhomo kudikira masuti awo ositasita, makiyi ali m'chikwama changa. Abwana andilozera wotchi: "Aka n'koyamba. Kachitatu usabwerenso."

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Basi ya sikisi. Kudzaza kwake! Ndaima njira yonse, mphuno yanga ili m'khwapa mwa bambo wina amene anayambana ndi sopo kalekale.

Mayi wina wovala yunifolomu ya unesi, ali pampando, wakoka chikwama changa. Nanenso ndakoka. "Mayi, m'mawa uno mwayamba kale ntchito?" Basi yonse kuseka. Iye osakwiya n'komwe: "Mwanawe, muno wokhala amanyamulira woima. Bweretsa kuno, ugwire chitsulocho ndi manja awiri, kutsogoloku kuli maenje." Manyazi ake! Ndapereka, koma maso sanachoke pa zipi.

Ndafika 7:15. Kutsegula ndi 7:30.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ambulera ya munthu yandidonthezera m'nsapato mpaka kotsikira. Alamu ndawapatsa moni wa pamphuno.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Kachiwiri. Tayala laphulika tisanafike pamlatho, tonse pansi, mvula ikuwaza. Abwana angoimika zala ziwiri.

Madzulo achimwene andipeza ndikutsuka mbale. "Mlongo wanga, ingopepesa, uzikweranso galimoto. Ntchito sizikupezeka masiku ano."

"Ndipepese chiyani? Ambulera?"

Achoka akupukusa mutu. Koma akunena zoona, ndiye chikundiwawa n'chimenecho. Kwatsala kamodzi. Kapena ntchito ithe, kapena ndikagwade kwa mayi uja.

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndapeza mpando! Wa pawindo, pamwamba pa tayala, pamene pamafunda. Ndanyamulira bambo wina chikwama cha masipanala, ntchafu zanga zikulirabe mpaka pano, koma ndinamva kukoma atati "zikomo mayi."

Muno anthu ndi omwewo tsiku lililonse ndipo palibe wodziwa dzina la mnzake. Pali Anesi aja. Pali a Nyuzi, mkulu wa dazi amene amawerenga nyuzipepala mokweza n'kumatsutsana nayo yekha. Lero Anesi awafunsa, "Bwanji simukalemba yanu?" Iwo akuti, "Ndikanalemba, mayi, koma akanawerenga ndani, inu ogona m'basi?" Ine akunditchula Wa Nsapato Zofiira. Sindinavomere, koma ndikuyankha.

M'galimoto ya alamu mawu anali awiri okha: "osamenyetsa chitseko" ndi "mapaziwo apukute." Muno ndaseka, ndawodzera pang'ono, ndaona ndi maso anga kuti kuseri kwa fakitale ya matabwa kuli bwalo la mpira. Chaka chonse ndimadutsa pomwepo nditaweramitsa mutu.

Zoipa zilipo. Windo langalo silitsekeka bwino, phewa lanyowa.

Lachitatu, 12 Febuluwale



Magetsi anazima, foni inathera moto, sinandidzutse. Ndadzidzimuka kunja kukuyera. Wotchi ya pabalaza: 5:55. Basi yotsatira ndi ya seveni, imeneyo ndiye yofikira pa kalata yochotsedwa ntchito. Ndavala osasamba. Pabwalo ndaima pafupi ndi galimoto ya alamu, kuchipinda kwawo kukumveka wailesi. Dzanja linali litakwera kale kuti ndigogode. Ndalibweza. Ndathamanga.

Pokhota ngodya, 6:05, basi ili pompo! Injini ikulira, adalaivala ali pansi akumenya matayala ndi phazi, limodzi limodzi, ngati akusankha mbuzi pamsika. A Nyuzi atulutsa mutu pawindo: "Uyo akubwera! Thamanga, Nsapato, tikalambira pano!"

Ndakwera ndikupuma ngati galu. Adalaivala akhala pampando wawo n'kuti, osanditembenukira, "Ine ndimangoona matayala, chiphulikireni lija." Anesi andilanda chikwama ndisanapemphe. Akuti ndi iwo ananena kuti mwana wa nsapato zofiira sanafike. "Aliyense muno anadikiridwapo. Mphindi zisanu, osapitirira. Tsiku lina udzayang'anireko anzako."

Ndati zikomo n'kupukuta m'maso. Ndanamizira chimfine.

7:28. Abwana ayang'ana wotchi, ayang'ana ine, abwerera kuofesi. Ndasita malaya makumi atatu ndikuimba.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Galimoto ya alamu yakana kulira madzulo ano, aikokera kugalaja. Sindinaseke. Pamaso pawo.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ndinalawira, ndinapeza mpando wanga wa pawindo. Sikisi itakwana, adalaivala alowetsa giya. Kuyang'ana kunja, kungodya kuja, ndaona munthu akuthamanga ndi nsapato za gogoda, chikwama chachikopa chikumumenya m'chiuno, dzanja m'mwamba. Alamu. Ali ndi msonkhano wa 7:30, ndinawamva dzulo akudandaulira achimwene.

Palibe wina anawaona. Ndikanangoyang'ana kumbali, basi ikanapita. Ndinayang'anadi kumbali, ndisaname. Ndiye maso anga akumana ndi a Anesi.

"Adalaivala, taimani, kukubwera munthu."

"Ndi wathu?"

"Ndi alamu anga."

Adalaivala ausa moyo, atsika, ayamba kumenya matayala.

Akwera thukuta lili chuchuchu, mipando yatha, aima pambali panga penipeni. Atandiona nkhope yagwa. Mawu aja ndinawakonza kwa masiku khumi ndi limodzi, anali pansonga pa lilime: iyi ndiye basi, alamu, imadikira. Okoma ngati uchi. Ndawameza.

Ndagwira chikwama chawo. Achikoka msangamsanga, akuyang'ana uku ndi uku. A Nyuzi atsitsa nyuzipepala kuti aone bwino.

"Alamu, muno wokhala amanyamulira woima. Gwirani chitsulocho ndi manja awiri, kutsogoloku kuli maenje."

Achisiya. Chinali chopepuka kuposa masipanala. Titadutsa mlatho awerama n'kunong'ona, "Lolemba lija ndinalakwitsa." Ndati, "Samalani, bampu."

Mpando sindinawapatse, sindine mngelo. Galimoto ikachoka kugalaja ndawauza kale achimwene kuti ine ndili ndi basi yanga. Za pageti zija zathera pano, sindidzazitchulanso, ngakhale m'buku muno.