Amayi Ayankhulira Filimu ya Sitima

Lolemba, 15 Disembala

Masuti mulu lero kuntchito, aliyense akufuna kutchena pa tchuthi. Kusita chiyambire m'mawa, msana ngati wathyoka. Pobwerera ndaimanso pa mlatho wa njanji. Nthawi yaitali bwanji, kaya. Chipitireni padera mu Ogasiti, chichokereni mwamuna wanga uja, miyendo imangoima yokha pamenepo.

Amayi chimodzimodzi. Adya pang'ono. Dzanja lamanja lili gwa, pakamwa popotoka. Chiwagwereni sitiroko, mawu palibe. Adokotala anati tisayembekezere.

Lachitatu, 17 Disembala

Achimwene abwera ndi diski. Filimu yakalekale ija, yakuda ndi yoyera, imene ankaionetsa pa TV chaka chikamatha. Sitima yatitimira m'chipale chofewa, apaulendo asowa kolowera, akhala pa kasiteshoni, mayi wogulitsa tiyi akuwasamala.

Chiyankhulo chake amayi sankamvapo ngakhale liwu limodzi. Ankatsitsa voliyumu n'kumayankhulira okha anthu onsewo. Chipale ankati ufa. "Taonani dziko la mwayi, ufa kumagwa kuchokera kumwamba!" Ife kugubuduzika pansi ndi phwete. Ankatero atangochokera ku shifiti, mapazi otupa ali m'beseni. Nthawi imeneyo mapaziwo sindinkawaona. Ndawaona lero, m'mutu.

Achimwene sanakhalitse. Akuti fungo la mankhwala limawapweteketsa mutu.

Lachinayi, 18 Disembala

Ndaweruka msanga. Ndawaikira filimu, voliyumu pansi monga ankakondera, ine n'kupita kukhitchini. Ndikutsuka, ndamva munthu akuti, "Tiyi waulere kulibe, bambo, tsukani kapu." Mawu a amayi. Osati achibwibwi ayi. Enieni aja, okhala ndi kaseko kumapeto. Kapu m'manja mwanga phwaa!

Ndathamanga. Ali pampando, maso pa TV, malovu pachibwano. Ndawaitana, ndawagwedeza phewa. Zii.

Ndaimbira achimwene. "Ukugona mokwanira iwe?" Basi, n'kudula.

Lamlungu, 21 Disembala

Masiku awiri diski osaigwira. Mantha. Lero ndalimba mtima, ndakhala pambali pawo, maso pa milomo yawo. Imangogwedera pang'ono, koma mawu akutuluka bwinobwino, ngati akuchokera kumbuyo kwa mpando.

Mufilimumo pali paja mtsikana wa chipewa amatsegula chitseko kufuna kutuluka yekha kunja kozizira. Kale apa amayi ankati, "Iwe, ukukatapa ufa wopanda thumba?" Ndimadikira zomwezo, ndayamba kale kumwetulira. Koma anati, "Mwanawe, tseka chitseko. Pa mlatho paja waimapo mokwanira."

Amayi sanatulukepo m'nyumba muno chiyambire kudwala. Za mlatho sindinauze munthu. Ngakhale achimwene.

Pa TV mayi wa tiyi akumukoka mtsikana uja pamkono. Amayi: "Bwera udye. Ine sindinakulerere sitima."

Ndadya. Mbale yonse, mamina ndi misozi ngati mwana. Iwo maso pa TV.

Lolemba, 22 Disembala

Ndadzera kumsika, popita ndi pobwera. Njira yaitali, matope, phokoso. Ndagula malalanje ndi mafuta odzola. Abwana akuti nkhope yanga yasintha. "Kapena wapeza wina?" Ndaseka. Kuseka kwenikweni, mpaka ndadzidabwa.

Nditafika ndawasambitsa mapazi, kuwadzoza mafuta. Zidendene zong'aluka ngati kale. Ndati, "Amayi, zikomo." Kenako zonse zangotuluka. Yunifolomu yanga imene ankaichapa madzulo n'kuiumitsa ndi simbi m'mawa. Chaka chimene ndinagonekedwa ndi chibayo, iwo akugona pa simenti pansi pa bedi langa. Tsiku limene anandipeza m'chipatala mu Ogasiti, osandifunsa kanthu, kungondipesa tsitsi.

Chala chachikulu cha phazi lawo chinagwedezeka m'dzanja langa. Kapena ndine ndinanjenjemera.

Loweruka, 27 Disembala

Sindinathe kulemba.

Lachitatu sitinatsegule kuntchito. Ndinawakhazika pampando m'mawa, ndinachapa, ndinakolopa, masana n'kuika filimu. Ndinakhala pansi, mutu pa bondo lawo monga kale. Anayankhula kuyambira poyamba mpaka sitima inanyamuka. Aliyense mawu ake, kondakitala, agogo a ndodo, ngakhale galu wa pasiteshoni. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Pomaliza anati, "Yatha. Dzuka utsegule makatani, kunja kukadali dzuwa."

Ndinadzuka, ndinagwira dzanja lawo. Lozizira. Louma kale.

Anesi a khomo loyandikana atabwera anawakhudza pakhosi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Akuti munthu sauma msanga chonchi. "Amayiwa atisiya kalekale, mwina filimu yanuyo musanaiyambe n'komwe." Sindinatsutse.

Dzulo tawaika. Achimwene akufunsa ngati diski ndikuifunabe. Ndawauza atenge, akaonetse ana awo. Ndawauzanso kuti azitsitsa voliyumu, ayeseko okha. Anandiyang'ana ngati wamisala, kenako analira.

Makatani ndi otsegula. Ana a m'nyumba ya pansi akumenya mpira, wina akulira kuti amuponda chala. Mpando ndausiya pomwepo, sindikuuopa. Lolemba kuntchito. Malalanje atsala, akufewa, ndipo njala yandigwiranso, ndiye ndidye kaye.