Nkhani ya Nanga Sinatuluke

Lolemba, 3 Malichi

Kalasi ya utolankhani, chaka chachitatu. Makompyuta ambiri ndi akufa, kamera ndi imodzi, ana akulimbirana. Ndawauza zomwe ndimanena chaka ndi chaka: mtolankhani ndi maso a munthu amene kunalibe. Ena kuyasamula. Wolemba zimene ndikunena ndi mmodzi yekha, mtsikana uja anzake amamutcha Nanga chifukwa funso lake lililonse limayamba ndi "nanga". Chaka chino ndiye mkonzi wa nyuzipepala ya ophunzira. Woyang'anira ndine.

Titaweruka wanditsatira. Akufuna kulemba za mwana wa chaka choyamba amene anamwalira mwezi watha. Ndamuuza kuti ayambepo.

Lachisanu, 7 Malichi

Nkhani yabwera. Ndaiwerenga chiimire. Mwanayo anabanika ndi mphumu ku hositelo, masanasana. Anzake kuthamangira ku kachipatala ka pasukulu, ambulansi palibe. Inapita kukatuta mipando ya mwambo wotsegulira holo yatsopano. Anamunyamula pabulangete mpaka pageti. Anatsirizikira pomwepo.

Nanga walankhula ndi dalaivala, nesi, anzake a m'chipinda. Wakwera basi mpaka kwa mayi ake a malemuyo. Cholembera changa chofiira chasowa pogwira. Zaka zonse ndinakhala kunyuzipepala sindinalembeko yotere. Kansanje pang'ono. Kunyada kwambiri.

Lachiwiri, 11 Malichi

A Hedi, mkulu wa dipatimenti yathu, andiitanitsa. Tiyi, mabisiketi, kumwetulira. Wina wawatsina khutu. "Mayi, nyuzipepala ija ndi yophunzirira, si bwalo la milandu." Kenaka, ngati akufunsa za mvula: kontirakiti yanga ikutha mu Juni, eti?

Kunyumba bambo a ana sanazungulire. "Wakufa wafa, mayi. Ife tili ndi amoyo oti tiwalere."

Lachitatu, 12 Malichi

Ndamuuza Nanga kuti nkhani idikire kaye, ikusowa mbali ya akuluakulu. Bodza. Anawafunsa kalekale, iwo osayankha, ndipo akudziwa kuti ndikudziwa. Wandifunsa: "Nanga mayi aja ndikawauza chiyani? Ndinawalonjeza."

Patsamba loyamba taikapo holo yatsopano. Chithunzi chokongola. Mipando ili ndandanda.

Lolemba, 24 Malichi

Nkhani ili m'mafoni a aliyense. Waiika yekha pa intaneti, dzina lake pansi pake. Dalaivala amuchotsa kale ntchito, ngati anadzituma. Aphunzitsi anzanga akandiona m'khonde akumatanganidwa ndi mafoni.

Lachinayi, 3 Epulo

Komiti yosungitsa mwambo. Tebulo lalitali, mabotolo a madzi, Nanga kumapeto yekhayekha, atavala bulauzi yoyera yosita bwino. Kwa ine funso limodzi: kodi ndinamuloleza? Ndati ayi. Zoona zokhazokha. Zoti nkhaniyo ndi yoona kapena ayi palibe wafunsa, inenso sindinadziponyemo.

Amuimitsa sukulu chaka chathunthu. Potuluka wandipatsira makiyi a chipinda cha nyuzipepala ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono. Bola akanandilalatira.

Lolemba, 14 Epulo

Kontirakiti yanga yatsopano yatuluka. Bambo a ana agula nyama, ana kuvina.

M'kalasi muli zii. Phunziro la lero: udindo wa mtolankhani kwa anthu amene amupatsa nkhani. Ndalankhula ndekha mpaka nthawi kutha. Ana akulemba mawu anga onse mitu ili pansi, palibe wokweza dzanja. Akuti Nanga akuthandiza alongo ake pa shopu yokonza mafoni. Nambala yake ndili nayo. Sindinaimbe.

Lachisanu, 25 Epulo

Mayi wina pakhomo la ofesi yanga. Woonda, nsapato zafumbi, kachikwama kali pachifuwa. Mayi ake a mwana womwalira uja. Abwera kudzatenga katundu wotsala ku hositelo, ndiye afunsa njira ya "kwa aphunzitsi a mtsikana wa nyuzi uja". Za intaneti sanamve, za komiti sanamve. Anatola nyuzipepala yathu pageti, aipinda bwinobwino kuti isade.

Akuti chiyambireni maliro, Nanga yekha ndiye anakhala nawo pansi n'kuwafunsa kuti mwanayo ankakonda chiyani. Andithokoza pophunzitsa ana bwino. "Ine sukulu sindinapite nayo patali, mwana wanga. Ndiwerengereni pamene alemba za iyeyo."

Ndaitambasula. Tsamba loyamba, lachiwiri, mpaka la masewero. Iwo manja pamiyendo, kudikira. Ndawapempha kuti ndikatenge kaye magalasi.

Ndili m'chipinda chosungira kamera ija, ndikulemba izi. Magalasi ali pamphuno panga chiyambire m'mawa. Iwo akadali pampando paja.