Mbuzi ya Abambo

Lachinayi, mwezi wa Juni, ku Kasina. Nkhungu mpaka masana, choko n'kumaterereka pa bolodi.

Lero yakwana sabata chiwathamangitsire Abambo, wansembe wathu wa ku Ayalandi. Aboma anawapatsa tsiku limodzi loti alongedze, ndipo palibe akufunsa chifukwa chake. Poti ndinkamwa nawo tiyi, aphunzitsi anzanga akumandilambalala ngati ndili ndi mphere.

Anandisiyira chidole chawo, mbuzi ya sokosi ya maso a mabatani. Ankati kwawo zotere zimaoneka pa wailesi ya kanema, zikunyoza akuluakulu ana n'kumaseka. Kuno inkanyoza Abambo okha, eni dzanja. Inali mbuzi yochenjera.

Ana a Sitandade 3 akhala akuifunsa, ndiye lero ndinaivala. Ndinayesa mawu a m'mphuno aja, koma palibe mwana amene anaseka. Kenako Anesi wa pa benchi ya kutsogolo anati, "Aphunzitsi, musaivutitse, ikulira mbuyake."

Pa buleki ahedi anandiitana. "Aphunzitsi, mbuziyo ikadzalakwitsa kulankhula, adzatenga ndani, iyo kapena inu? Kaiotcheni lero lomwe."

Ndabwera nayo kunyumba. Mbaula ndinayatsa, makala n'kufiira bwinobwino. Ndinati ndiivale komaliza, ndipo inapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, achimwene?" Ndinaiyankha, mpaka kuifotokozera za chifuwa changachi. Sabata yonseyi palibe wina wandifunsa.

Makala aja azima, mbuzi sindinaiotche. Mawa ahedi akafunsa, ndingowauza kuti...